Chenjezo kwa Oyenda pa Nyanja ya Simcoe Osayeza Ayezi

Abale anga okhala ku Ontario, makamaka achinyamata inu amene mwazolowera kupita pa nyanja ya Simcoe kukawedza ndi kukajambulitsa zithunzi zoika pa Facebook, chonde lekani chibwana chimene mwayambachi. Munthu wamkulu kungoona mapazi a anzake pa madzi oundana n'kuyamba kulondola, ana ali pambuyo, osaboola ngakhale pamodzi kuti aone kuchindikala kwa ayezi, kumeneko n'kuitana maliro dala. Tinakulira kumene nyanja siiundana, choncho tisamachite ngati akatswiri pa zinthu zimene tazidziwira kuukulu.

Bungwe la Canadian Red Cross limanena kuti ayezi azikhala wochindikala masentimita 15 kuti munthu mmodzi ayendepo, 20 ngati ndi gulu lochita masewera, ndi 25 ngati mukuyendetsapo snowmobile, kagalimoto koyenda pa chipale chofewa. Komatu manambala okhawo asakunyengeni, chifukwa ayezi wolimba ndi uja woonekera mkati, wobiriwira ngati thambo. Woyera wosakanikirana ndi chipale chofewa mphamvu zake ndi theka chabe, ndipo wotuwa ndiye musapondepo n'komwe, chifukwa muli madzi.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi mwezi wa Malichi. Dzuwa likayamba kuwomba mwamphamvu, madzi osungunuka amalowerera m'ming'alu ndipo ayezi amafumbwa mkati ngati mtengo wodyedwa ndi chiswe, moti tepi yoyezera ikhoza kukuonetsani masentimita ochuluka pamene chimene mwapondacho chatha kale mphamvu. Mukamaboola, yang'anitsitsani zimene zikutuluka: zikakhala zonyowa, zophwanyika tizidutswa titalititali, bwererani kumtunda msanga. N'chifukwa chake boma la Ontario limalamula kuti tinyumba towedzeramo tichotsedwe panyanjayi pofika pa 15 Malichi. Mu Febuluwale 2009, pa nyanja ya Erie ku Ohio, asodzi 134 anachita kupulumutsidwa ayezi atang'ambika n'kuyamba kuyandama nawo, ndipo mmodzi anamwalira.

Muyeso wadzulo si wa lero, ndipo wa pagombe si wa pakati. Tengani chobowolera ndi tepi, muzibowola mobwerezabwereza pamene mukupita patsogolo, ndipo muzitalikira pamathiriro a mitsinje, pamilatho ndi pamene pali mabango. Musapite nokha kapena usiku, ndipo mowa muusiye kunyumba.

Zikavuta n'kugweramo, Pulofesa Gordon Giesbrecht wa ku University of Manitoba amaphunzitsa kuti mphindi yoyamba ndi yolimbana ndi mpweya kuti uyambe kuyenda bwino, kenako muli ndi mphindi pafupifupi 10 manja asanaume ndi kuzizira. Tembenukirani kumene munachokera, tambasulani manja pamwamba pa ayezi, pondani madzi ndi miyendo mpaka mutatuluka chokwawa, kenako gubuduzikani osaimirira. Inu otsala kumtunda musathamangire pa dzenjelo. Imbani 911, ndipo m'ponyereni chingwe muli patali.