Nkhupakupa za ku Lukusuzi ndi Kasungu akuziwerenga ndani?

Sabata yatha ndinali ku Lundazi kwa amalume, thole lawo lafa ndi chigodola, matenda a ng'ombe obwera ndi nkhupakupa, makutu odzaza nkhupakupa zofiirira zija, pansi pa khutu potupa, thovu kumphuno. Zandiwawa chifukwa thole limenelo linali la fizi ya mwana.

Kuno ku Eastern Province ya Zambia tinazolowera katemera wa matole, uja wa mtundu wa Katete, amabwera naye a vet mu chithini chozizira cha nitrogen, kubaya limodzi ndi mankhwala a oxytetracycline kenako kuika chizindikiro kukhutu, ndipo thole likapulumuka ndiye latetezeka moyo wake wonse. Apa ndimati tili bwino ndithu, vuto ndi loti ukaphonya tsiku lobaya ndi basi, ndi zimene zinawachitikira amalume. Anzathu a ku Malawi ali ndi chinthu chomwe ine ndimasirira, likulu lofufuza nkhupakupa ndi matenda ake la CTTBD lili ku Lilongwe konko ndipo amapanga katemera wa chigodola wopita mpaka maiko ena. Koma kwa achibale anga ku Mchinji dibi inasiya kugwira ntchito kalekale, aliyense amangopopera yekha akapeza ndalama, ena mankhwala amachita kusungunula kwambiri kuti akwane, nkhupakupa nkumangozolowera.

Manje chomwe chikundivuta ndi kumapaki. Njati zimasunga kachilombo ka Theileria parva, komwe kamayambitsa chigodola, koma izo sizidwala, nkhupakupa ikayamwa njati nkugwera mu udzu, ikafundula imakwera ng'ombe yodya m'mbali mwa paki ndipo ng'ombeyo siichedwa kufa. Paki yathu ya Lukusuzi ndi yawo ya Kasungu zili m'pangano limodzi losamalira nyama zakutchire la maiko awiriwa la 2015, ndipo mu 2022 anasamutsa njovu 263 kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu, zina tinaziona zikuoloka kudzadya chimanga kuno. Njovu amaziveka makolala kuzitsatira, nanga zomwe zakakamira pakhungu la nyama?

Kuwerenga nkhupakupa sikufuna ndege ayi, umakoka nsalu yoyera pa udzu zimakakamira, ukaika m'kabotolo nkutumiza ku labu, ndipo nyama ikagonekedwa ndi mankhwala ungathothole zingapo m'makutu nkutengako magazi. Ndikufuna a vet a ku Chipata ndi a ku Kasungu azichita zimenezi mwezi umodzi, makamaka mvula ikayamba pomwe nkhupakupa zikuluzikulu zimachuluka, nkumauzana zomwe apeza, ifenso oweta azitiuza pa wailesi dambo loyenera kulipewa. Amalume atsala ndi matole awiri, ndawalembetsa kale kuti chaka chino abayidwe.