Mipanda yatalika pa Dedza, koma tulo tachepa

A Dedza anzanga, nkhani iyi ndiinena lero ngakhale ena anditukwane. Nyumba ikathyoledwa kuno, zala zimaloza mbali imodzi: anyamata a kabaza, aganyu odikira malole a kachewere, ndi ana a mabanja akale aja otsala m'nyumba za zidina kuseri kwa mipanda yatsopano. M'magulu a WhatsApp a eni nyumba zatsopano mumangomva kuti "anthu akonkuno ndi akuba." Ine ndikukana. Anthu akonkunowo analipo kale, ndi umphawi wawo womwewo, nthawi imene tinkasiya mbaula ndi ndowa pakhonde usiku wonse osasowa kanthu. Zafika posachedwa ndi mpanda wotalika, geti lachitsulo, ndi aneba amene sitiwadziwa ngakhale dzina.

Tauni yakula, apo palibe mtsutso. Kalembera wa 2008 adapeza anthu pafupifupi 20,000 paboma pano, wa 2018 adapeza oposa 30,000, ndipo aliyense wokhala ndi maso akuona momwe malata akukwerera m'mphepete mwa phiri. Akubwera ndani? Ambiri ndi a ku Lilongwe. Mtunda wake ndi makilomita 85 okha pa M1, ndipo ndalama imene ku Area 49 kapena Area 25 angakusekeni nayo, kuno imakugulirani puloti n'kutsalako ya maziko. Ena ndi ogwira ntchito m'boma amene penshoni yayandikira. Ena ndi ochita malonda pachipata cha Mozambique. Ena ndi abale athu omwe ali ku Joni. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, aliyense wokhala ndi kangachepe adaona kuti kusunga ndalama kubanki n'kuiwotcha, bola kuikwirira mu simenti. Wolandira ma rand ndiye adangodzuka m'mawa ali bwana.

Tsono taonani mmene zimayendera pamalo amodzi. Pali mdadada wa nyumba za lendi, zitseko zisanu ndi chimodzi, bafa limodzi, chimbudzi chokumba chimodzi. Mwini wake wamwalira, ana agawana maganizo, agulitsa. Wogulayo amabwera Loweruka ndi galimoto, kuzungulira kamodzi atagwira makiyi m'manja, kenako mawu amodzi okha: "Mwezi ukatha mupeze kwina, ndikufuna kukonza." Malata adzimbiri amatsika, kukwera amtundu obiriwira kapena ofiira. Pansi matailosi, kumwamba siling'i, chimbudzi chamkati, mita yamagetsi yolipiriratu, zitsulo m'mawindo onse. Komalizira mpanda wa mabuloko, pamwamba pake mabotolo osweka kapena waya wamagetsi. Pabwalo pamene pankakhala mabanja asanu ndi limodzi pamatsala banja limodzi. Nthawi zina sipatsala munthu ndi mmodzi yemwe, chifukwa mwini wake amakhala ku Lilongwe ndipo amangobwera mwezi ukatha kudzaona ngati kapinga wamera.

Alandilodi oyandikana nawo amaonerera, n'kuphunzira. Nawonso amapaka penti, kuika matailosi pabalaza pokha, lendi n'kukwera ngati amanga nyumba yatsopano.

Musandimve molakwa, kukonza nyumba si tchimo. Amene adagonapo pa Dedza mu June kapena July m'nyumba yopanda siling'i, mphepo ikulowera m'mipata ya malata, sangadane ndi munthu wotseka mipatayo. Ndipo titadutsa m'mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, womwe sunaonekepo kukula kwake m'dziko muno, sindingaime pano n'kumayamikira chimbudzi chimodzi cha mabanja asanu ndi limodzi. Amisiri a njerwa, akalipentala, owotcherera zitsulo, amayi otunga madzi pa zomanga, onsewa akudyerapo. Akuluakulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'zoona, ena mwa alendowa abweretsa zabwino. Vuto langa lili pa zimene timataya osadziwa kuti tataya.

Chitetezo cha m'dera lathu sichinali apolisi. Polisi ili pomwe idali kalekale, ndipo sidzakhala ndi anthu okwanira kuima pakhomo lililonse. Chitetezo chinali mayi wokazinga mandasi amene amadzuka tambala woyamba, moto wake ukuwala pabwalo. Chinali agogo okhala pamkeka tsiku lonse akusankha nyemba, oti mlendo sangadutse osamufunsa kuti, "Mukufuna kwa yani, bambo?" Chinali ana osewera phada ndi mpira wachikulunga panjira, amene amadziwa njinga ya aliyense ndi galu wa aliyense. Anthu amenewa sankalipidwa, ndipo iwo eni sankadziwa kuti ndi alonda. Ndi omwewa amene akupatsidwa mwezi umodzi kuti apeze kwina.

M'dera lathu mudachitika izi. Nyumba ina yokongola, yongomalizidwa kumene, mwini wake wa ku Lilongwe. Tsiku lina dzuwa lili paliwombo kudabwera kalole, anyamata adatsika, kutsegula geti bwinobwino, kulowetsa galimoto. Adapakira firiji, matiresi, TV, batire la sola, mpaka matumba a simenti otsala. Potuluka adabwezanso geti mwaulemu. Amayi ochokera kotunga madzi adaona zonse, ndowa zili pamutu, mmodzi mpaka adapatuka kuti galimoto idutse. Onse adangoti bwana akusamutsa katundu wake. Mwini nyumba atafika patapita masiku, adayenda khomo ndi khomo akukalipa kuti anthu inu mudaonerera bwanji osachitapo kanthu, ndiye kuti mukuwadziwa. Mayi wina wachikulire adamuyankha modekha: "Bambo, ife tikadadziwa bwanji kuti sanali inuyo? Nkhope yanu taionera lero."

Palibe amene anali ndi nambala yake. Palibe amene adalowapo pageti lija, ngakhale kukapempha moto.

Za mpanda womwewo, tiyeni tinene zoona. Wakuba amavutika mphindi imodzi yokha, yokwera. Akangotsikira mkati, mpanda uja ndi wake tsopano, ukumubisa. Akhoza kudula zitsulo za pawindo mosathamanga, kupuma, kuyambiranso, palibe wodutsa amene angamuone. Kunja nako kwaipa. Njira zachidule zimene tinkadutsa popita kuchigayo, kutchalitchi kapena kumsika zatsekedwa, zotsalazo zasanduka timikwasa tamdima pakati pa makoma awiri. Mababu onse amayang'ana mkati mwa mpanda. Mayi wolawira kukapikula tomato, mwana wa sukulu wochokera kowerenga madzulo, ndi amene amalandidwa foni m'timikwasamo, ndipo akakuwa amene ali mkati amangokweza wailesi kapena kumasula agalu. Ndiye kuba kwake sikunathe, kwangosunthira kwa amene alibe mpanda.

Ndisaiwale madzi. Tauni yathu ili pamtsetse, mvula ikagwa madzi amatsika kuphiri ndi mphamvu. Munthu amamanga mpanda kutseka ngalande yakale, kuboola kabowo kumunsi kuti madzi a pabwalo lake azitulukira kwa mnzake wa nyumba ya zidina. Ikafika January khoma la mnzakeyo lanyowa mpaka pawindo. Likagwa, amabwera ndi yemweyo kudzafunsa ngati malowo akugulitsidwa.

Tsopano funso limene eni nyumba zatsopano salikonda. Katundu wobedwayu amagula ndani? Mafelemu a mawindo, zitseko, mipope, mawaya amagetsi, thanki ya madzi, simenti ya mtengo wotsika yobwera usiku pa wilibala. Agogo a m'nyumba ya zidina thanki achita nayo chiyani? Amagula ndi munthu winanso amene akumanga, amene akudziwa bwino lomwe kuti thumba la simenti silingatsike mtengo chotero, koma amangoti "zanga zayera." Mawa lake ndi yemweyo akulemba pagulu kuti dera lino laonongeka. Msika wa katundu wakuba uli m'manja mwa omanga, ndi ogula zitsulo zakutha amene safunsa kuti chitsulochi chachokera kuti. Mukadasiya kugula, theka la mavutowa likadatha lokha.

Komanso amene amadziwa kuti chipinda chosungira katundu chili pati, kuti windo lakuseri silinawotcheredwe bwino, kuti bwana amabwera liti, si mnyamata wa kabaza wodutsa pamsewu. Ndi amene adagwira ntchito mkatimo, ndipo kawirikawiri bwana adachita kuwatenga kutali ponena kuti amisiri akuno sadziwa ntchito. Sindikuti amisiri ndi akuba, ambiri ndi anthu olungama odya thukuta lawo. Koma funsani abale athu a ku Joni kuti ndi angati adatumiza ndalama za matumba a simenti kwa mlamu kapena msuweni, n'kumalandira zithunzi za nyumba ya eni ake. Akubwera pa Khirisimasi amapeza maziko okha atamera chisoso. Kumeneko nakonso ndi kuba, kungoti sikufika kupolisi chifukwa "ndi zapachibale."

Nanga mnyamata wa kabazayo adachokera kuti? Nthawi zambiri ndi mwana wa pamalo pomwepo pamene pali nyumba yamatailosiyo. Madobadoba adabwera kwa bambo ake ndi ndalama zooneka zambiri, munda wa kachewere udadulidwa mapuloti, adasainirana pa pepala la mu kope pamaso pa amfumu. Malamulo a malo adasinthidwa mu 2016, n'kukonzedwanso mu 2022, ndipo amanena za makomiti oyang'anira malo a makolo, koma pansi pano pepala la mu kope ndi limene likulamulabe, n'chifukwa chake puloti imodzi imapezeka ndi eni ake awiri. Ndalama ya munda sichedwa. Chaka chisanathe yapita, chotsala ndi njinga yamoto imodzi. Mwanayo tsopano amanyamula anthu kuwatula pageti lomwe lili pamunda wa agogo ake, ndipo kukasowa kanthu woyamba kutchulidwa ndi iyeyo.

Apa m'pamene pandiopsa. Kutchulana mayina mwachisawawaku kumathera pa chigulu, miyala ndi petulo. Taona m'maboma ambiri anthu akuphedwa pongoganiziridwa, ndipo wophedwayo sakhala wovala taye. Munthu mmodzi akangokuwa kuti "wakuba!" palibenso amene amafunsa kuti waba chiyani, kwa yani. Kumeneko ndi kupha munthu, ndipo lamulo limakutcha choncho ngakhale mutakhala anthu 100. Amene mumalemba mayina a ana a eni m'magulu popanda umboni, dziwani kuti mukusonkha moto umene simudzatha kuuzima.

Za achitetezo a m'dera ndingonena mwachidule, chifukwa zimandipsetsa mtima. Anyamata amayenda usiku wonse ndi zibonga ndi tochi m'chisanu cha pa Dedza, malipiro awo ndi kangachepe kosonkha khomo ndi khomo. Mayi wa mandasi amapereka. Mphunzitsi wa pulayimale amapereka. Akagogoda pageti lalikulu amayankhidwa ndi mlonda pa kabowo kuti bwana kulibe, kapena kuti bwana ali ndi agalu ake. Komatu anyamatawo akamadutsa usiku sadumpha geti limenelo, amalilonderanso.

Inu amene mwagula malo kuno, takulandirani, ndipo mangani zokongola. Koma mukafika kaonekereni kwa amfumu, osati tsiku losaina lokha. Aneba anu akudziweni nkhope, muwasiyire nambala. Kukagwa maliro musamangodutsa ndi galimoto magalasi ali otseka pamene anthu aika masamba pamsewu. Tsikani, khalani pansi ndi anzanu pasiwa, perekani chipepeso, adzukulu akuoneni. Munthu amene adakhala nanu pamaliro sangaonerere katundu wanu akukwera lole. Babu limodzi liyang'ane kunjira, silingakutherani mayunitsi. Pomanga mpanda siyani njira ya anthu ndi ya madzi, ndipo akhonsolo amene amavomereza mapulani azifika pamalopo kudzaona ndi maso, osangodinda mapepala. Ndipo ngati mukutulutsa alendi kuti mukonze, mwezi umodzi ndi nkhanza. Munthu ali ndi ana pasukulu, ali ndi ngongole kubanki m'khonde, ali ndi makasitomala amene adamuzolowera pamalopo. Mupatseni miyezi itatu apume, afunefune.

Otulutsidwawo sapita kumudzi ayi, kumudzi kulibenso munda wowadikira. Amasunthira kunja kwa tauni, cha kunjira ya ku Bembeke kapena mbali ya ku Linthipe, kumene lendi ikadali yotsika chifukwa kulibe mpope kapena magetsi. M'mawa uliwonse amabwerera paboma wapansi kudzachapa, kudzalima maluwa ndi kudzalondera m'mipanda yomweyo. Kumenekonso madobadoba afika kale, akukhoma zikhomo m'minda ya anthu.