Chiwindo chakuda chija tizichibisa

Anzanga amene mukulemba timapulogalamu ta Python kuno ku Salima, maganizo anga ndi awa: ngati kapulogalamu kanu kali ndi mabatani akeake, musalole kuti chiwindo chakuda cha console, chimene chimatseguka pa Windows mukayendetsa pulogalamu ya Python, chizitulukira kumbuyo kwake.

Mwezi watha ndinawapangira azakhali anga kapulogalamu ka Tkinter (chida cha Python chopangira mawindo ndi mabatani) kolembera malonda a mpunga pa shopu yawo ku Kamuzu Road. Dzina la wogula, makilo, ndalama, basi. Tsiku lachitatu anandiimbira foni mawu ali njenjenje: "Mwanawe, zonse ndalemba m'mawa zasowa." Nditafika anandilozera pa laputopu. Ataona chiwindo chakuda chopanda kanthu, kamzere koyera kakungophethira pakona, anaganiza kuti ndi vayirasi, n'kuchitseka. Chikatsekedwa chimenecho pulogalamu nayo imafera pomwepo, chifukwa python.exe, imene imayendetsa pulogalamuyo, imayendera mmenemo. Tinakhala madzulo onse tikukumbukira amene anatenga mpunga pa ngongole. Zinandipweteka mtima, poti iwo anachita zimene munthu aliyense wosamala akanachita.

Mankhwala ake ndi apafupi. Fayilo ya malonda.py ndinaisintha dzina kukhala malonda.pyw. Windows ikaona .pyw imatsegula ndi pythonw.exe, imene imabwera limodzi ndi Python ndipo situlutsa chiwindo chija. Ngati mukugwiritsa ntchito PyInstaller, chida chosandutsa pulogalamu ya Python kukhala fayilo ya .exe yoyenda payokha, onjezerani --noconsole pa lamulo lake.

Koma apa mpamene ambiri timapunthwa. Chiwindocho chikachoka, print(), amene amalemba mauthenga pa chiwindocho, sakhalanso ndi kolankhulira. Pulogalamu ikalakwitsa imangoti zii, mwina osatseguka n'komwe, inu n'kumangodinadina mbewa osadziwa chavuta. Ndiye musanachibise, ikani logging, chida cha Python cholembera zochitika, kuti zolakwika zizilembedwa mu fayilo, ndipo wogwiritsa ntchito muzimuonetsa uthenga wa messagebox, kawindo ka uthenga ka Tkinter, m'Chichewa chomveka. Pamene mukukonza, yendetsani ndi python.exe kuti muziona zonse. Komanso ngati pulogalamu yanu imaitana ina ya console kudzera pa subprocess (chida cha Python choyendetsera mapulogalamu ena), chiwindo chija chimang'anima ndithu, pokhapokha mutauza subprocess kuti isatsegule windo pogwiritsa ntchito CREATE_NO_WINDOW.

Ena amati chisiyeni, anthu azolowera. Ine ndikukana. Azakhali ali ndi makasitomala pamzere, sikelo ili m'manja, magetsi akhoza kuzima nthawi iliyonse. Alibe mpata woloweza kuti windo ili n'lotseka, ili ayi. Panopa kapulogalamu kaja kamasunga mzere uliwonse akangodina batani, ndipo akakatsegula amaona windo limodzi lokha.