Mwalemba zoona koma za ndandanda zija ayi

Achimwene nkhaniyi mwailemba bwino, makamaka paja mwati munthu wa ADHD (vuto lokanika kuika maganizo pa chinthu chimodzi) kapena dyslexia (vuto lovutika kuwerenga ndi kulemba) amatopa msanga chifukwa mutu umalimbana ndi tinthu tomwe anzathu amangochita osaganiza. Koma malangizo oti tizilemba ndandanda ya zochita aaa ine sandithandiza, kapepalako ndimaiwala komwe ndakaika ndiye nkhawa imangowonjezekera. Chomwe chimandithandiza ndi alamu, ndimatchera mphindi 25 kugwira ntchito imodzi yokha, data nditatseka foni ili chafufumimba patebulo, ikalira ndimadzuka kukamwa madzi kenako kuyambiranso. Mng'ono wanga wa dyslexia uja amangotumiza ma voice note, zolemba zitalizitali foni ndiyo imamuwerengera iye n'kumamvetsera, masiku ano sadandaulanso mutu madzulo.

Chondiwawa n'choti kwathu kuno mwana wotere timangomuti mbuli kapena waulesi, ena mpaka amvekere anamulodza, mwana n'kumakula akudzida yekha. Aphunzitsi a special needs, othandiza ana ofunika chithandizo chapadera, alipo, amaphunzira ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu, kungoti makolo ambiri sadziwa n'komwe zoti angafunse. Ndipo amene zamukulira, tulo osabwera, asangokhala chete, ku chipatala cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kuli aphungu othandiza za maganizo.