Theka la Thumba

(Pakhonde. Malume akusoka matumba a chimanga. Muphwa wawo wabwera kutchuthi kuchokera ku Cape Town.)

MALUME: Amayi ako akuti ukuphunzira masamu a ndalama. Ndiye ndalamazo zili kuti?

MUPHWA: Sitiziona, malume. Timangowerengera mtengo wa zinthu zimene sizinachitike.

MALUME: Ng'anga ya kutsidya imachita zomwezo, ilibe masters.

MUPHWA: Mverani kaye. Tinene kuti thumba la chimanga lero ndi K50,000. Pakatha miyezi itatu lidzakhala pa K60,000 kapena K40,000. Munthu akubwera, akuti: ndikupatseni kangachepe lero, tsikulo ndidzagule thumba pa K50,000 ngati ndafuna, ngati sindifuna basi. Chimenecho timachitcha option. Mumulipiritsa zingati?

MALUME: Ndiyang'ane kaye mitambo.

MUPHWA: Apo ndiye pamene ambiri amagwera mayeso oyamba. Mvula ilibe nazo ntchito. Mtengo wake ndi K5,000.

MALUME: Wakuuza ndani?

MUPHWA: Landirani K5,000 yakeyo, mukongole K20,000, mugule theka la thumba pa K25,000. Chikakwera, thekalo ndi K30,000. Mubweza ngongole, mutsala ndi K10,000, ndipo ndi yomweyo imene mukuluza pomugulitsa motchipa. Chikatsika, thekalo ndi K20,000, mubweza ngongole, iye sabweranso. Uku ziro, uko ziro. Thekalo ndiye delta.

MALUME: (Akuwerenga zala, kenako abwerezanso.) Iii, zikutheka. Koma ndani angakukongoze K20,000 popanda chiongoladzanja? Mpongozi wako?

MUPHWA: Chikakhala 10 peresenti mumakongola K18,182, option imakwera kufika K6,818.

MALUME: Nanga katapila wa 50 peresenti?

MUPHWA: Pamenepo masamu amakana. K50,000 yanu ikabereka K75,000 pomwe chimanga sichipitirira K60,000, wanzeru agulitsa chimanga chonse n'kukongoza ndalamazo. Phindu lopanda chiopsezo. Dzina lake arbitrage, ndipo buku lililonse limayamba ndi kunena kuti kulibe.

MALUME: Olemba mabukuwo adzabwere pa msika wathu tsiku la malipiro.

MUPHWA: Vuto ndi loti mtengo sudumpha kamodzi. Umagwedezeka mphindi iliyonse. Ndiye timaphunzira Brownian motion. Ganizani munthu wokhuta kachasu, phazi lina kutsogolo, lina kumbuyo, osadziwa kolowera. Akaponda ka 100, mukamufune pafupifupi mapazi 10 kuchokera pomwe anayambira. Akaponda ka 400, mapazi 20 okha.

MALUME: Ameneyo ndikumudziwa. Timamupeza m'ngalande yomweija.

MUPHWA: Louis Bachelier analemba zimenezi ku Paris mu 1900 pofotokoza mitengo ya pa msika wa masheya, Einstein asanafike pa masamu omwewo mu 1905. Koma njira ya woledzerayo ndi yokhotakhota paliponse, calculus ya chaka choyamba siigwira. Pamafunika ya Kiyosi Itô wa ku Japan, imene imaonjezera kachigawo kena: theka la sigma kuchulukitsa ndi sigma yemweyo. Ukaiwala kachigawoko, tsamba lonse ndi lolakwika.

MALUME: Thekanso? Sukulu yanu zonse ndi matheka. Sigma ndi wa kwa ndani?

MUPHWA: Ndi muyeso wa kugwedezeka kwa mtengo. Mu formula ya Black ndi Scholes ya 1973, yowerengera mtengo wa option, mumalowa zinthu zisanu: mtengo wa lero, mtengo wa pangano, nthawi, chiongoladzanja ndi sigma. Zinayizo umachita kuwerenga papepala. Sigma yekha ndiye saoneka, umachita kumuyerekeza. Ndipo wapachaka ukafuna kumusandutsa wapatsiku sugawa ndi 252, masiku amene msika umatsegula, koma ndi square root yake, pafupifupi 16. Anthu amalira nazo zimenezi.

MALUME: Mwana wa mlongo wanga wamng'ono uja akufuna zomwezi. Amakhoza akaunti.

MUPHWA: Akaunti simupulumutsa. Akhale atadya probability, linear algebra ndi real analysis, apo ayi measure theory imuthamangitsa sabata yachitatu. Adziwenso kulemba mapulogalamu a kompyuta mu Python, C++ ikhale pafupi. Formula ikakanika timauza kompyuta iyendetse woledzera uja ka 100,000, n'kutenga avareji. Imeneyo ndi Monte Carlo. Ukafuna kuchepetsa cholakwika ndi theka, uyendetse kanayi kuchuluka kwake. Magetsi akathima pakati, uyambirenso.

MALUME: Monte Carlo si kuja amatchova njuga?

MUPHWA: Komweko, ku Monaco.

MALUME: Ndimadziwa ine. Ndiye eni formulawo analemera?

MUPHWA: Scholes ndi Robert Merton analandira Nobel mu 1997. Black anali atamwalira mu 1995.

MALUME: Ndafunsa kulemera.

MUPHWA: (Akukanda mutu.) Kampani imene Scholes ndi Merton anali nawo m'gulu la eni ake, Long-Term Capital Management, inagwa mu 1998, Russia itakanika kubweza ngongole. Inataya ndalama zoposa madola 4 biliyoni.

MALUME: Chaka chimodzi chokha chilandirire mendulo! Nanga theka la thumba lija silinawathandize?

MUPHWA: Formula imaganiza kuti mtengo umayenda pang'onopang'ono, moti umapeza mpata wosintha delta yako nthawi iliyonse. Koma nthawi zina umalumpha. Pa 19 Okutobala 1987 Dow Jones, muyeso wa mitengo ya masheya ku America, inatsika 22.6 peresenti tsiku limodzi. Kwathu kuno mukukumbuka Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti. Unagona ndi mtengo wina, n'kudzuka ndi wina. Ukanasintha nthawi yanji?

MALUME: Usandikumbutse, shuga angakwere. (Atulutsa K5,000 m'sokosi.) Gwira iyi. Ndagula option. Januwale ndikudzatenga thumba kwa iwe pa K50,000.

MUPHWA: Malume, chinali chitsanzo chabe! Januwale chimanga chimakhala pamwamba, aliyense amadziwa.

MALUME: Wanena wekha kuti mvula ilibe nazo ntchito. Kagule theka lako. Ndikugulitsa ine, lili m'nyumbamu.

MUPHWA: Lija lili ndi anankafumbwe?

MALUME: Pa zinthu zisanu zija, sindinamve nankafumbwe.