Lamba wa shoko pakhosi pa galu: ku Bristol ndi katundu, ku Newport ndi mlandu

Kwathu ku Ntcheu galu wosauwa ndi wongotha nsima. Ndiye mlamu wanga wa ku Newport, mzinda wa ku Wales, atandiimbira kuti aneba amulowetsera kapepala pansi pa chitseko kudandaula kuti galu wake akuwasowetsa mtendere, ndinayamba ndaseka. Kudandaula kuti galu akuuwa? Nanga azilira ngati tambala?

Koma kuno si nkhani yosekera. Lamulo la 1990 loteteza chilengedwe, lomwe limagwira ntchito ku England ndi ku Wales komwe, limapatsa khonsolo mphamvu yokulembera chenjezo ngati phokoso la pakhomo pako lafika posautsa anthu, ndipo ukanyozera nkhani imakathera kukhoti. Ine, pofuna kuoneka mlamu wothandiza, ndinaitanitsa pa intaneti lamba wa m'khosi woletsa kuuwa. Anafika kunyumba kwanga ku Bristol, ku England, patangopita masiku awiri, popanda wondifunsa kanthu.

Ndi kabokosi kakang'ono ngati ka machesi, kokhala ndi timinga tiwiri tachitsulo togunda khungu la pakhosi. Galu akauwa, kamamva kunjenjemera kwa kholingo n'kutulutsa shoko. Ndinakayesa pamkono panga nditakachuna pakatikati. Sikupha ayi, koma kamaluma ngati linthumbu, ndipo choipa chake n'choti ngakhale ukudikira umadzidzimukabe. Ndinamuuza mlamu kuti Loweruka ndiwoloka mlatho wa Severn kudzamupatsa.

"Alamu, mukufuna mundimangitse?" anatero. "Kunotu zimenezo n'zoletsedwa."

Ulendo wa ku Newport sukwana ola limodzi. Ndalama ndi mapaundi omwewo, mfumu ndi imodzi, pamalire palibe wokufunsa pasipoti. Koma nkhani za chisamaliro cha ziweto dera lililonse limadzipangira malamulo, ndipo Wales inaletsa malamba a shoko pa agalu ndi amphaka kalekale mu 2010. Chiletsocho sichisankha: wa rimoti amene mwini galu amadina yekha, wodziyatsa wokha galu akauwa, ngakhale wa mpanda wosaoneka umene umamenya galu akayandikira malire a bwalo, onse ndi mlandu. Mu 2011 khoti linalipitsa bambo wina chindapusa cha mapaundi 2,000 galu wake atapezeka akuyendayenda atavala lamba wotere. Malamba ongonjenjemera ndi opopera kamadzi konunkha ngati mandimu lamuloli silinawakhudze.

England yakhala ikulonjeza. Mu 2018 boma linalengeza kuti liletsa. Mu 2023 linalemba lamulo loti liyambe pa 1 February 2024, koma tsikulo linafika n'kudutsa aphungu asanalivomereze. Chimene ambiri sanachione n'chakuti ngakhale likanadutsa, linkangokhudza malamba a rimoti. Wanga uja, womenya galu mwini wake ali kuntchito, akanapitirira kugulitsidwa. Kwa ine apa ndi pamene anagwira mbuzi kumchira, chifukwa lamba wa rimoti uli ndi munthu woona chimene chikuchitika, pomwe wa kuuwa umamenya osafunsa ngati galu wauwa chifukwa cha wakuba, mantha kapena ululu.

Scotland inaima pakati. Mu 2018 inatulutsa malangizo oti kuphunzitsa galu pomupweteka kungathe kukupezetsa mlandu wozunza nyama pansi pa lamulo la 2006, koma lambayo sanaletsedwe. Bungwe lolangiza boma la kumeneko pa za nyama linapempha chiletso chenicheni mu 2023.

Oikira kumbuyo malambawa sindingawanene kuti ndi ankhanza. Ambiri amatchula nkhosa: galu wozolowera kuthamangitsa nkhosa mlimi akhoza kumuwombera, ndiye amati kuli bwino shoko ya kamphindi kusiyana ndi chipolopolo. Mfundo imeneyi imamveka, ndipo ku Wales nkhosa n'zochuluka kuposa anthu. Komatu imeneyo ndi nkhani ya kuphiri, si ya galu wolira m'chipinda chochezera. Ngakhale pa kuitana galu kuti abwerere, akatswiri a ku University of Lincoln atayerekeza njira ziwirizi anapeza kuti agalu ophunzitsidwa ndi mphotho ya kachakudya amamvera bwino osafunika shoko.

Chimene chiletso cha ku Wales chinachita kwa mlamu wanga n'kumutsekera njira yachidule. Phokoso linali lake ndithu, aneba anali pakhomo, koma lamba panalibe. Anasiya foni yakale patebulo ikujambula, n'kupita kuntchito yake yosamalira okalamba, ya maola 12. Madzulo tinaonera limodzi. Galu anayamba kulira chitseko chitangotsekedwa, akuzungulira, akukanda pansi, kenako n'kukagona pa jekete la mbuyake limene linagwa pampando. Anadzuka masana wa makalata atadutsa pawindo, n'kuyambiranso. Kwathu galu amaswera ndi ana, nkhuku ndi agalu anzake. Uyu amaswera ndi firiji.

Anayamba kumuyendetsa m'mamawa asanapite kuntchito, anamata pepala losaonetsa kunja kumunsi kwa windo, ndipo ankamuzoloweza kutsala yekha pang'onopang'ono, mphindi zisanu, kenako khumi. Zinatenga masabata, osati masiku, ndipo panali tsiku lina limene anandiimbira atatopa n'kunena kuti mwina angomupereka kwa ena. Chinathandiza kwambiri ndi gogo yemwe uja analemba kapepala. Mlamu atapita kukapepesa, gogoyo anati masana azimutenga galuyo azikakhala naye.

Lamba uja sanawoloke mlatho. Ali m'dirowa muno ku Bristol pamodzi ndi machaja akale, batire yake inatha yokha.