Alamu, mlekeni mwana atenge kosi ya nyimbo

Dzulo usiku mwana wa achemwali anga anandiimbira foni akulira. Ali ku Zomba, ku UNIMA, ija tinkangoti Chanco yunivesite isanagawidwe mu 2021. Akuphunzira zauphunzitsi, ndipo amafuna kuwonjezerapo kosi ya nyimbo. Bambo ake akana. Akuti sanagulitse mbuzi zawo kuti mwana akaphunzire kuimba. Alamu anga ndimawalemekeza kwambiri, ndipo ndikudziwa mmene fizi ikuwawira masiku ano, koma pankhani iyi yokha sitimvana.

Inenso ndinadzera momwemo. Phunziro langa lenileni linali History, nyimbo ndinkatengera pambali ku Fine and Performing Arts. Anzanga ena ankati ndikusaka magiredi aulere. Akanalowa m'kalasimo tsiku limodzi lokha sakanatero. Ndinakulira m'kwaya ya kutchalitchi ndipo sol-fa ndinkaiwerenga bwinobwino, koma manotsi a pamizere isanu aja ndinachita kuyambira pachiyambi. Aphunzitsi ankakhala papiyano atatifulatira, n'kugunda manotsi awiri, ife n'kulemba kuti atalikirana bwanji. Zimenezo sungaloweze usiku woti mawa mayeso. Khutu umaliphunzitsa tsiku ndi tsiku, pang'onopang'ono, mpaka liyambe kumva zimene kale linkangodumpha.

Chimene sindidzaiwala chinachitika patchuthi. Tinauzidwa kuti aliyense akalembe nyimbo yakwawo, mawu ake ndi kayendedwe kake. Ndinapita kwathu ku Ntcheu, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango ndi kope langa, agogo ndi anzawo awiri akusinja chimanga. Minsi itatu ikugwa mosinthana mumtondo umodzi, gu, gu, gu, osagundana. Agogo akuyambitsa, enawo akuvomera, mawu akuyenda pamwamba pa minsiyo. Ndinawapempha kuti abwereze kasanu konse ndisanagwire pamene mawu ankalowera. Kachisanuko ndiye ndinamvetsetsa zimene ankaimba: mwamuna anapita ku Joni pa Wenela, bulangete analonjeza lija silinafike, mwini wakenso sanabwere.

M'kalasi ya History ndinali nditaphunzira kale za Wenela, bungwe lija linkalemba anthu ntchito yakumigodi ya ku Joni. Ndinkadziwa za ndege ija inagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi ochokera kumigodi, mpaka Kamuzu analetsa kulemba anthu ntchito yakumigodiko. Zaka ndi manambala ndinali nazo m'mutu. Koma za mayi wotsala yekha ndi ana ndi munda, ndinazimva pamtondo paja, agogo thukuta lili kamukamu. Ndikanapanda kutenga kosi ya nyimbo, bwenzi ndikudutsa pamtondopo monga ndinkachitira kuyambira ndili mwana, osaima n'komwe.

Wofuna digiri yonse ya nyimbo njira ilipo, ngakhale ku MUST ku Thyolo kuli African Musicology. Ine ndikunena za mwana amene akuphunzira zina, koma mtima wake uli ndi malo a nyimbo. Sindikubisa, kosiyi imadya nthawi. Anzako akupita kukacheza, iwe uli pamzere kudikira piyano. Ngati phunziro lenileni layamba kutsalira, mwana aziuzidwa mosapita m'mbali. Koma mwana wathuyu akukhoza bwino, ndipo wakhala akutsogolera kwaya kuyambira ali Fomu 2.

Lero ndimaphunzitsa pasukulu ina ya CDSS. Kwaya ya pasukulupo ili m'manja mwanga, ndipo ndikafika pamutu wa anthu opita kumigodi, ndimayamba ndi nyimbo ya agogo ija. Kalasi ya ana ochuluka chotere imakhala chete.

Agogo anatisiya, koma kope lija ndikadali nalo, masamba ake achita chikasu. Loweruka ndikwera basi kupita kwa alamu anga, kopelo lili m'chikwama. Amene ankavomera nyimbo kumanja kwa agogo tsiku lija anali mayi a alamu angawo.